Za Khonsolo ya ku Shanghai ndi Makalata a Akazembe



Ndipempha ulemu wanu kuti mundichere khutu pa mlandu wa kutali, wa ku Shanghai m'dziko la China, umene unayamba m'caka ca 1937 nutha m'caka ca 1943. Ndiwo mlandu wa bwalo la mzinda limene linalandidwa mphamvu zace pang'ono pang'ono, dzuwa likuswa mtengo, maboma akuru a dziko lapansi alikupenya ndi kutumizirana makalata. Inu amene mumakhala pa bwalo kuweruza za malire a minda, ndi inu amene mumagwira colembera kulemba madandaulo a anthu, mudzapeza m'menemo zinthu zina zimene muzidziwa kale. Mau anga ndi awa: makalata a akazembe a Britain ndi America analembedwa mwaluso, ndipo ena a iwo anathandizadi, koma nthawi zonse pamene panafunika dipo lakuziziritsa mtima wa Ajapani, dipolo linaturuka m'thumba la Achaina, eni dziko, amene sanaitanidwa ku bwalo.

Poyamba ndifotokoze makhalidwe a mzindawo, pakuti ngodabwitsa. Itatha nkhondo ya Angerezi ndi China, pangano la ku Nanking la mu 1842 linatsegula Shanghai kuti alendo acitemo malonda, ndipo anapatsidwa malo m'mbali mwa mtsinje wa Whangpoo kuti amange nyumba zao ndi mosungira katundu. Amene anamva mbiri ya Chinde, pa mathiriro a Zambezi, pamene Angerezi anabwereka kadziko kwa Apwitikizi mu 1891 kuti katundu wa kuno azitsikirapo, adzazindikira ciyambi cace. Koma Chinde inakhala yaing'ono kufikira madzi anaidya, pamene malo a ku Shanghai anakula nasanduka mzinda wa anthu oposa 1,000,000. Mu 1854 alendowo anadzipangira bwalo lao, Shanghai Municipal Council, limene m'kalata muno ndidzalichula Khonsolo; ndipo mu 1863 anaphatikiza dera la Angerezi ndi la a ku America, nalichula International Settlement, ndiko kunena malo a mitundu yonse. Afaransa anakana kulowamo, nasunga dera lao pa okha.

Nthaka inali ya China ndithu; palibe pangano limene linaipereka kwa mfumu yina. Koma Khonsolo ndiyo inali kukhometsa msonkho, kulambula miseu, ndi kuyang'anira ndende ndi zipatala. Inali nao apolisi ace, Azungu, Achaina, Ajapani ndi Asikh a ku India, ndiponso gulu la asilikari odzipereka okha. Malamulo ace, ochedwa Land Regulations, sanali kusinthika popanda cibvomerezo ca maiko a pangano ndi Boma la China. Cotero Khonsolo sinali ya Mfumu ya ku England, ngakhale Angerezi ndiwo anali ndi mau akuru m'menemo, ndipo sinali ya America. Inali ngati ng'ombe ya pa cibale, imene onse aikama, koma ikadwala ali yense ati mwini ndi uje.

Tsopano taonani kagawidwe ka mipando, pakuti gwero la mlandu wonse liri pomwepa. Pa kuwerenga anthu kwa mu 1935 anapezeka m'deralo anthu ngati 1,160,000, ndipo mwa iwo alendo onse pamodzi sanakwana 40,000. Ajapani anali ngati 20,000, Angerezi ngati 6,600, a ku America ngati 2,000. Mipando ya Khonsolo inali 14: ya Angerezi 5, ya a ku America 2, ya Ajapani 2, ya Achaina 5. Alendo 9 aja anasankhidwa ndi alendo anzao okhala ndi malo kapena olipira lendi yokwanira, ndiwo anthu zikwi zowerengeka cabe. Achaina, angakhale anali kupereka koposa theka la msonkho, analibe voti pa msonkhano wa pacaka wa olipira msonkho, umene unali kubvomereza za ndalama zonse. Ndiponso mipando yao 5 sanaipata mwaulere. Zaka zoposa 70 anakhala opanda ndi umodzi womwe, kufikira apolisi a Khonsolo anaombera khamu la ophunzira ndi anchito pa Nanking Road pa 30 May 1925, dziko lonse la China nilitekeseka. Pamenepo ndipo anawapatsa mipando 3 mu 1928, naonjeza 2 mu 1930. M'caka comweco ca 1928 ndimo anawalola kulowa m'minda ya maluwa ya mzinda, imene msonkho wao unali kuithirira. Richard Feetham, woweruza wa ku South Africa, amene kale anali mlembi wa mzinda wa Johannesburg, anaitanidwa ndi Khonsolo kudzasanthula zonsezi; iye analemba mu 1931 kuti deralo liyenera kubwezedwa kwa China tsiku lina, koma tsikulo analiika kutali, patsogolo zaka makumi angapo.

Cina coyenera kucisunga m'mtima ndi ici, kuti Japan sanali mdani wa kunja kwa linga. Anali mmodzi wa maiko a pangano, wokhala ndi mipando yace m'Khonsolo, ndi anthu ace m'gulu la apolisi, ndi asilikari ace a pamadzi m'dera la Hongkew akuchinjiriza Ajapani okhala kumeneko, monga momwe Angerezi ndi a ku America anaika ao m'madera ena. Akuru anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ufulu uli wonse umene akazembe akadafuna kumkaniza Japan unali ufulu womwe iwo eni anali kukhalira nao m'dziko la eni.

Nkhondo inafika ku Shanghai pa 13 August 1937. Kamtsinje kochedwa Soochow Creek kanadula International Settlement pakati. Kumpoto kwace kunali Hongkew ndi Yangtzepoo, kumene kunali madoko, nyumba za makina oomba nsaru, ndi makina a madzi ndi a magetsi, malo oposa theka la dera lonse. Ajapani anasandutsa tsidya limenelo msasa wao wa nkhondo, ndipo nkhondoyo itapitirira kumka kumtunda mu November, iwo sanacokamo. Apolisi a Khonsolo anatsala ndi dzina lokha kumeneko. Pa ulalo wa Garden Bridge panaima msilikari wa Japan, ndipo Mchaina ali yense wofuna kuoloka anayenera kubvula cipewa ndi kumweramira. Wozengereza analandira khofi kapena tsinde la mfuti. Akazembe analemba kuti tsidya lija ndi la Khonsolo monga kale. Ajapani analandira makalatawo mwaulemu, msilikari nakhalabe pa ulalo.

Dipo loyamba linaperekedwa nkhondo ikali mkati. Pa kutha kwa October 1937 asilikari a China ngati 400, mtsogoleri wao Xie Jinyuan, anadzitsekera m'nyumba yosungira katundu ya Sihang, m'mphepete mwa Soochow Creek, nalimbana ndi Ajapani masiku 4, anthu a mzinda alikupenya ali tsidya lina. Alendo, poopa kuti zipolopolo ndi moto zingagwere m'dera lao, anapempha Boma la China kuti liwacotse. Asilikariwo anaoloka ulalo usiku, nalowa m'International Settlement, alikuyesa kuti adzapitirira kukapezana ndi anzao. Koma Ajapani anaopsya kuti akamasulidwa iwo adzalowa kudzawatenga. Cotero Khonsolo inawalanda mfuti, niwatsekera mu mpanda, nakhala m'menemo zaka 4. Xie anaphedwa momwemo mu April 1941, ndipo otsalawo anatengedwa ndi Ajapani pa kutha kwa caka cimeneco.

Muyerekeze ndi umo zinayendera pamene obvulala anali eni makalata. Pa 26 August 1937 ndege ya Japan inaombera galimoto ya kazembe wa Britain, Sir Hughe Knatchbull-Hugessen, pa mseu wocokera ku Nanking, nimlasa koopsya. A ku London anaumirira kufikira a ku Tokyo ananena mau a cipepeso. Pa 12 December ndege zinamiza Panay, combo ca nkhondo ca America, pa mtsinje wa Yangtze. Japan anapepesa msanga, nalipira madola oposa 2,200,000. Koma pa 3 December, pamene asilikari a Japan ngati 6,000 anaguba pakati peni peni pa mzinda kuonetsa cigonjetso cao, atapemphedwa kale kuti aleke. Ndi pamene Mchaina wina anawaponyera bomba pa Nanking Road, iwo nazinga miseu ya Khonsolo maora angapo monga eni, palibe anafunsa dipo. Ajapani si anthu ogona. Anaona kuti kukhudza thupi la kazembe kapena combo cace kuli ndi mtengo, koma kukhudza ulamuliro wa Khonsolo kubala kalata yokha.

Kuyambira pamenepo mayendedwe anali amodzimodzi. Akazitape a Boma la China anali kusaka ndi kupha Achaina ogwirizana ndi Japan, ndipo maliro otere anacuruka m'mzinda. Akaphedwa wina, nduna ya Japan yokhala m'Shanghai momwemo, yochedwa consul, inafika ndi pepala la zofuna zace. Khonsolo inafunsa uphungu kwa ma-consul a Britain ndi America, iwo nafunsa ku London ndi ku Washington, ndipo mtima wa mayankho unali wakuti pa zazikuru musagonje, koma pa zazing'ono mumvane nao. Tsono zazing'onozo ndizo ziti? Pa 1 January 1938 Khonsolo inalengeza kuti ali yense wolakwira asilikari a mtundu uli wonse m'deralo akhoza kuperekedwa kwa asilikariwo. Kusachula mtundu kunali cophimba cabe, pakuti ndi mwana yemwe anadziwa amene anali kunenedwa. Mu July caka comweco mnyamata wina wogwidwa ndi bomba anaperekedwa m'manja mwa Kempeitai, apolisi a nkhondo a Japan, amene nkhanza zao zinali zosabisika, cinkana m'deralo munali bwalo la milandu la China, lokhazikika ndi pangano la mu 1930, limene likadamweruza. M'caka comweco Mjapani wina, Akagi, anapatsidwa udindo waukuru m'apolisi a Khonsolo. Mu May 1938 Britain anapangana ndi Japan kuti msonkho wa pa madoko a China amene Japan anawagwira uzisungidwa m'Yokohama Specie Bank. Ndalama za China, opangana anthu ena awiri. Mu 1939, ataphedwa Chen Lu, nduna ya boma limene Ajapani anaika ku Nanking, Khonsolo inabvomera kuti apolisi ace azithandizana ndi Kempeitai pa kusaka. Ndipo Achaina anauzidwa kuti mbendera ya dziko lao aziikweza masiku 8 okha pa caka.

Muwerengenso mndandandawu, mafumu, muone ngati muli cinthu cimodzi cimene cinasuntha mpando wa Mngerezi kapena wa munthu wa ku America.

Pamene Japan anatambasula dzanja kukhudza mipando, ndipo mau anasinthika. Pa 3 May 1939 Sawada, wotsatana ndi nduna ya za kunja ku Tokyo, anauza akazembe awiri, Sir Robert Craigie wa Britain ndi Joseph Grew wa America, kuti Land Regulations ndi malamulo okalamba, ndi kuti Khonsolo ikonzedwe mwatsopano kuti Ajapani akhale ndi mau olingana ndi unyinji wao. America anayankha pa 17 May, ndi Britain nayankha momwemo pambuyo pace. Yankho la America ndi kalata yoyenera kuti mlembi ali yense aiphunzire, pakuti siitukwana, siiopsyeza, ndipo siisiya mpata. Inati Boma la America liri lokonzeka kukambirana za malamulowo mwaubwenzi ndi mwadongosolo, koma ino si nthawi yace, popeza mzinda wazingidwa ndi nkhondo. Inati Ajapani ali nao kale mavoti ocuruka kupambana gawo la msonkho limene iwo apereka. Niti cinthu cimene cingathandize msanga ndico kuti Japan abweze tsidya la kumpoto m'manja mwa Khonsolo. Ajapani sanabweza tsidyalo, koma za mipando anayamba aleka.

Luso lace ndiliyamika. Koma tiyeni tiyese mau a mbali zonse ziwiri monga momwe tiyesa pa bwalo. Mjapani ati, mipando igawidwe monga mwa unyinji wa anthu, pakuti ife tiposa Angerezi katatu. Mngerezi ndi mnzace ati, iai, igawidwe monga mwa msonkho ndi cuma. Cabwino. Tikatsata muyeso wa Mjapani, Achaina anaposa Ajapani koposa ka 50. Tikatsata muyeso wa Mngerezi, Achaina ndiwo anapereka koposa theka. Miyeso yonse iwiri iloza munthu mmodzi, ndiye uja woima kunja kwa bwalo. Ici ndico cifukwa cace akazembe sanakhoza kulimbika mtima kunena kuti makonzedwe a Khonsolo ngolungama. Cimene anali naco ndico cakuti ino si nthawi yace. Ndipo mau amenewo Achaina anali atawamva kale zaka zambiri, kucokera m'milomo yomweyo, m'masiku a mtendere. Pa mtendere nthawi inali isanakwane. Pa nkhondo inali yosayenera. Sindinena kuti mavoti a Achaina akadaletsa mizinga, pakuti China yense ndi asilikari ace sanailetsa. Ndinena kuti Japan anali kuimba nyimbo yakuti wadza kudzamasula Asia ku goli la Azungu, ndipo ngakhale nyimboyo inali ya cinyengo, monga anthu a ku Nanking akadacitira umboni, ng'oma yace anaipeza yosemedwa kale ndi Khonsolo yomwe.

M'mwezi womwewo wa May 1939 kunacitika kanthu kena koyenera kukumbukika, ku Kulangsu, kacilumba ka pa doko la Amoy, kumwera kwa Shanghai, kamene nakonso kanali ndi khonsolo ya mitundu yonse. Ataphedwa mkuru wa amalonda wogwirizana ndi Japan, Ajapani anatsitsa asilikari ao a pamadzi, nafuna kuti wapampando ndi mkuru wa apolisi akhale anthu ao. Kumeneko kalata sinayenda yokha. Britain, America ndi France anatumiza zombo, ali yense natsitsa amalinyero ace, oposa 40 pang'ono, kulingana ndi a Japan amene anali pa cilumbapo. Palibe anaomba mfuti. Anapenyana miyezi ingapo, Ajapani alikuchinga cakudya ndi nkhuni. Ndipo mu October anamvana. Japan anapata malo ena m'apolisi, koma mpando ndi ulamuliro zinatsala kwa khonsolo. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Ku Tientsin, kumpoto, Britain anali yekha, pakuti dera la kumeneko linali lace lace. Ajapani anafuna Achaina 4 amene anawaganizira za kupha mkuru wina wa banki wogwirizana nao, Angerezi nakana poti umboni ngosakwanira. Pa 14 June 1939 Ajapani anazinga deralo, nayamba kubvula Angerezi zobvala pa zipata pamaso pa anthu. Pa 24 July kunalengezedwa cimvano ca Craigie ndi Arita, nduna ya za kunja ya Japan, m'mene Britain anabvomera kuti m'China muli nkhondo yaikuru, ndi kuti asilikari a Japan ali nazo zofunika zao za kudzisunga, zimene Angerezi sadzazitsekereza. Atapita masiku 2 America analengeza kuti adzathetsa pangano lace la malonda ndi Japan la mu 1911. Ici cinalimbitsa Angerezi, nakana zina zimene Japan anafuna pa za ndalama za China. Koma anthu 4 aja anaperekedwa.

Sikuyenera kuti ndibise mbali ya akazembe, pakuti woweruza womva mbali imodzi ndi wosokoneza mudzi. Britain anali ndi Germany pakhomo ndi Italy pa njira ya ku Suez, ndipo zombo zace za nkhondo sizinali zokwanira nyanja zitatu. Anthu a ku America anali asanafune kumva za nkhondo ya tsidya la nyanja. Craigie anadziwa kuti kumbuyo kwa mau ace kulibe mizinga, ndipo munthu wotere sangaopsye. Angathe kungokankha masiku. Ndipo masiku okankhidwawo sanali acabe. Achaina anachula dera lotsala lija cilumba cokhala cokha, ndipo anthu zikwi mazana mazana anathawiramo napulumuka. Nyuzi za Achaina, zobisala pansi pa maina a alendo, zinapitirira kutsutsa Japan. Mabanki ndi mabwalo a milandu a Boma la China, limene linali litasamukira ku Chungking, anagwirabe nchito m'International Settlement kufikira pa kutha kwa 1941. Zonsezi ndizibvomereza. Cimene sindibvomereza ndico kuchula nzeru yotere dzina la kulimba mtima, pamene mbuzi zonse zolipira zinamasulidwa m'khola la munthu wosafunsidwa.

Nkhondo itabuka ku Ulaya zinthu zinatsetsereka msanga. Kunja kwa malire a kumadzulo kunali miseu imene Khonsolo inalambula ndi kuilonda, ngakhale nthaka ya m'mbali mwace inali pansi pa Boma la China. Kumeneko, pa nyumba ya nambala 76 Jessfield Road, anthu a Wang Jingwei, amene anapandukira Chungking nagwirizana ndi Japan, anakhazika msasa wa akazitape ndi ambanda. Mu January 1940 anthu anaombera galimoto ya Godfrey Phillips, mlembi wamkuru wa Khonsolo, iye napulumuka. Ndipo mu February Khonsolo inalemba pangano la kugawana ulonda wa miseuyo ndi Fu Siao-en, meya woikidwa ndi Ajapani, ngakhale Britain ndi America anali kunena kuti boma lace salidziwa.

Koma cimene cindiwawa koposa cinacitika mu July 1940. Pamene akuru a mzinda wa Achaina anathawa mu 1937, anaikiza kwa Khonsolo mabuku a malo, m'mene munalembedwa mwini wa nthaka iri yonse ndi malire ace. Khonsolo inasunga mabukuwo pafupi zaka 3, ndipo potsiriza inawapereka kwa meya yemwe uja. Mafumu, inu mudziwa kulemera kwa cinthu coikizidwa. Munthu akathawa nkhondo nasiya mbuzi zace kwa mnzace, woikizidwayo sazidya, sazigulitsa, ndipo makamaka sazipereka kwa amene anathamangitsa mwini. Akatero, mlanduwo ufikira ndi adzukulu omwe. Nanga mabuku a malo si oposa mbuzi kodi? Wogwira bukulo wagwira munda ndi nyumba ya munthu ali yense wolembedwamo.

Mipando ija anailimbira ndithu. Pa cisankho ca mu April 1940 Ajapani anaimika anthu 5 m'malo mwa 2. Angerezi ndi a ku America anaduladula malo ao pa pepala akhale tizigawo tambiri, kuti kagawo kali konse kabale voti yace, napambana. Lamulo linalola kutero. Koma bwalo limene lidzipulumutsa ndi kucenjera kotere liri kuuza anthu onse kuti malamulo ace ndi ngolo yokankhidwira kumene mwini cuma afuna. Mu August caka comweco, France atagonja kwa Germany, Britain anacotsa asilikari ace ku Shanghai. Panauka mkangano wa amene adzalonda dera la pakati, kumene kunali mabanki ndi nyumba ya Khonsolo. Akuru a asilikari a ku America analifuna, Ajapani nakana. Ndipo a ku Washington, posafuna ndeu, analola kuti lilondedwe ndi gulu lija la odzipereka, ndiwo alembi ndi amalonda obvala yunifomu akaweruka ku nchito.

Pa 23 January 1941 olipira msonkho anasonkhana pa bwalo la mjaha wa akavalo, kuti abvomereze kukweza msonkho ndi magawo 40 pa 100 ali onse. Hayashi, nkhalamba yotsogolera Ajapani olipira msonkho, anatsutsa. Ndipo atagonja pa mavoti anakwera pa nsanja, naturutsa mfuti, naombera W. J. Keswick, wapampando wa Khonsolo, pamaso pa khamu lonse. Keswick sanafa. Ali yense akadayesa kuti cinthu cotere cidzalimbitsa akazembe. Koma isanathe miyezi 3, mu April, malamulo a cisankho amene anawachinjiriza ndi kalata yokongola ija ya mu 1939 anaikidwa pambali, nikhazikitsidwa Khonsolo ya kanthawi ya mipando 16: Angerezi 3, a ku America 3, Ajapani 3, Mjeremani 1, wa ku Switzerland 1, wa ku Holland 1, ndi Achaina 4. Pamenepa ndipo Angerezi analawa dipo lao, pakuti anataya mipando 2, Japan nalingana nao. Koma taonaninso: bwalo linakula ndi mipando 2, ndipo Achaina anacepetsedwa kucoka pa 5 kufika pa 4. Boma la ku Chungking linakana makonzedwe amenewa, koma anacitika ndithu.

Zotsala nzazifupi. Asilikari a ku America anakwera zombo pa kutha kwa November 1941. M'mamawa pa 8 December Ajapani anamiza Peterel, kacombo ka Angerezi, pa Whangpoo, nagwira Wake ka America, naoloka Garden Bridge kulowa m'dera lonse. Ndiyo nkhondo yomwe inadzatenga ndi ana a kuno omwe, asilikari a K.A.R., kukamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za Burma mu 1944. Khonsolo sinathetsedwa pomwepo. Mu January 1942 mamembala a Britain ndi America anatula mipando, Okazaki Katsuo nakhala wapampando, ndipo Angerezi ambiri a m'maofesi ndi m'apolisi anapitirira kugwira nchito pansi pace kufikira anatengedwa kumka ku misasa ya ukaidi.

Pa 9 January 1943 Japan analemba pangano ndi Wang Jingwei lakuti malo onse a alendo abwezedwe kwa China. Atapita masiku 2, pa 11 January, Britain ndi America analemba mapangano ao ndi Boma la ku Chungking, nataya ufulu wao wonse wa pa International Settlement, cinthu cimene Feetham anaciika patsogolo zaka makumi angapo. Pa tsiku limenelo analibe m'mzindamo msilikari kapena mpando. Pa 1 August 1943 Okazaki anapereka deralo kwa Chen Gongbo, meya wa boma la Wang, Khonsolo nithera pomwepo, itakhala zaka 89. Chen anaweruzidwa ndi Boma la China itatha nkhondo, naphedwa mu 1946. Okazaki anabwerera kwao, ndipo mu 1952 anakhala nduna ya za kunja ya Japan.